Zodiac ya malemu agogo inamira kawiri: tiikonze motani kuti ikaonetsedwe ku myuziyamu?

Mdzukulu wa kwa Tengani walemba:

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yatigawanitsa m'banja mwathu kuyambira tsiku limene tinavundukula chiliza cha agogo athu aamuna mwezi wathawu. Kuseri kwa nyumba yawo, kwa Tengani m'boma la Nsanje, kuli shedi ya malata, ndipo m'shedimo muli galimoto yawo, Ford Zodiac ya m'chaka cha 1959, imene inasiya kuyenda mu 1984 agogowo atayamba kuvutika maso. Malemuwa anali ndi golosale ndi chigayo, ndipo galimotoyi anaigula kwa wamalonda wina wa ku Limbe mu 1966, ndalama zathu zikadali mapaundi. Ankakonda kunena moseka kuti Zodiac inadziwa mudzi wathu iwo asanaidziwe, chifukwa inatsitsidwa m'sitima ya pamadzi ku Beira, n'kukwezedwa pa sitima ya pamtunda imene inawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, n'kudutsa ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, kenako kwathu konkuno popita ku Limbe.

Ndifotokozeretu kuti iyi sinali galimoto yonyamulira matumba a mapira kapena mbuzi, popeza ntchito imeneyo inali ya ngolo. Inali galimoto ya chionetsero. Kumwamba inali yoyera ngati mkaka, kumunsi yobiriwira, matayala ake anali ndi mkombero woyera, ndipo mabampa ake ankanyezimira moti anafe tinkadziyang'anirapo nkhope. Inkatuluka pa ukwati, pa chionetsero cha zaulimi ku Ngabu ndi pa zikondwerero za pa 6 Julaye basi, ndipo ikabwerako agogo ankaipukuta okha ndi nsalu imene wina aliyense sankaloledwa kuigwira. Anthu a kwathu anaipatsa dzina loti Mkwatibwi, chifukwa akwati ambiri a m'dera lathu anapita ku tchalitchi atakhala pa mpando wake wa kumbuyo.

Lero Mkwatibwi ali pachisoni. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 analowa m'shedi n'kufika pa zogwirira za zitseko, ndipo a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 analekezera m'munsi pang'ono, moti mukatsegula chitseko mumaona mizere iwiri ya matope pa chikopa cha m'kati, wina pamwamba pa unzake, ngati munthu anachita kuijambula ndi rula. Matayala onse anaphwa n'kutitimira m'dothi mpaka m'marimu. Makoswe anadya mpando wa kutsogolo, mavu anamanga tinyumba tawo tadothi pansi pa boneti, ndipo popondera dalaivala pali bowo loti nkhuku n'kudutsa, ndipotu zinkadutsadi, chifukwa pansi pa chiwongolero tinapezapo makoko a mazira. Komabe magalasi onse ndi athunthu, zilembo za dzina lake zilipo zonse, ndipo makiyi tinawapeza m'sutikesi ya agogo pamodzi ndi bulu buku.

Maganizo ali patatu. Abambo aang'ono akuti tigulitse kwa anyamata ogula zitsulo zakutha, amene abwera kale kawiri ndi sikelo yawo. Msuweni wanga amene amayendetsa minibasi ku Blantyre akufuna kuikamo injini ya Toyota, kuipenta yofiira ndi kumaibwereketsa pa maukwati. Ine ndikufuna ikonzedwe n'kukaikidwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, kapena kwina kulikonse kumene ana a sukulu angakaione, koma sindikudziwa poyambira. Msuweni wangayo wanena kuti Loweruka likubwerali afika ndi batire kuti tiyese kuiliza, ati tikangomva injini tidziwa ngati ili yoyenera kutayirapo ndalama. Kodi tilole? Nanga galimoto yopita ku myuziyamu imayenera kuoneka ngati yatsopano, kapena ayi?

Makaniko wa pa Nchalo wayankha:

Mayi, choyamba muwaimbire foni asuweni anuwo lero lomwe, muwauze kuti batire ija aisiye m'minibasi mwawo. Ndagwira ntchito ya umakaniko pa Nchalo kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo injini zakale zambiri zimene ndinaziona zitatheratu sizinaphedwe ndi madzi, koma ndi munthu wachangu amene anafuna kuzimva zikulira tsiku loyamba lomwelo. Madzi akafika pa zogwirira za zitseko ndiye kuti analowa mu kabureta, anatsikira m'masilinda amene mavalavu ake anali otseguka, ndipo analowanso mu sampu (mmene mumakhala oyilo pansi pa injini), mu giyabokisi ndi mu difu ya pa ekiselo ya kumbuyo. Madzi a Shire sabwera okha, amabwera ndi dothi losalala ngati ufa woyera. Pa zaka zonsezi maringi a mapisitoni agwirana ndi makoma a masilinda chifukwa cha dzimbiri, ndipo sitata ikakankha ndi mphamvu, maringi amathyoka, timitengo tachitsulo tokankha mavalavu timapindika, makoma a masilinda n'kukalika. Injini ya Zodiac imeneyo ndi ya masilinda asanu ndi imodzi, ya 2553 cc, ndipo zida zake simungazitole ku Ndirande monga mmene mungatolere za Corolla.

Palinso chinthu china chimene anyamata a masiku ano sachidziwa. Pa magalimoto a ku Britain a nthawi imeneyo, kuphatikizapo Zodiac yanuyo, waya wa batire umene umamangidwa ku bodi ndi wa pozitivu, osati wa negativu ngati pa magalimoto a lero. Komanso ilibe alitaneta, ili ndi dayinamo ndi kabokosi kake kowongolera moto. Munthu akalumikiza batire mwa chizolowezi cha lero akhoza kuwotcha kabokosiko, ndipo popeza makoswe anasenda kale mawaya, moto ukhoza kugwira galimoto pamodzi ndi shedi yake ngakhale atalumikiza molondola.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi beseni ndi sipanala. Masulani bawuti ya pansi pa sampu ndipo muone chimene chiyambe kutuluka. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, choncho ndiwo amakhala pansi, ndipo kuchuluka kwa madzi amene atuluke oyilo asanabwere kukuuzani zambiri kuposa kulira kwa injini. Muchite chimodzimodzi ndi giyabokisi ndi difu. Kenako muchotse mapulagi onse asanu ndi limodzi, muthire m'mabowomo dizilo wosakaniza ndi oyilo wofiira wa giyabokisi ya otomatiki, mutseke ndi kansanza, ndipo musiye kwa milungu iwiri kapena itatu uku mukuwonjezera akachepa. Pambuyo pake mugwire bawuti ya pule ya kutsogolo kwa injini ndi sipanala, muyese kuigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono, osaikapo paipi yowonjezera mphamvu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikakana mpaka mwezi, mutu wa injini uchotsedwe ndi munthu wodziwa, osati pansi pa mtengo pamene mphepo ikuulutsa fumbi.

Za petulo musaganize n'komwe pakadali pano. Amene anatsala mu thanki mu 1984 anasanduka phula, ndipo petulo wa lero si amene injiniyo inapangidwira: mtovu umene unkateteza mipando ya mavalavu unachotsedwa m'maiko a kuno kwathu mu 2006, ndipo petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, ina mwa iyo yopangidwa ku PressCane konkuno ku Chikwawa, imene imadya mapaipi akale a labala ndi kachikopa ka mu pampu ya petulo. Mukadzatsegula mabuleki, fumbi lake musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa, chifukwa mabuleki ndi kilachi a zaka zimenezo anali ndi asbestos, amene amawononga mapapo. Mulinyowetse kaye, mulipukute ndi nsanza, nsanzayo muikwirire.

Pomaliza, kaitulutsidwe kake m'shedi. Zodiac ilibe chasisi chapadera ngati Land Rover kapena lole, mphamvu yake yonse ili mu bodi, makamaka m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko ndi pansi pake, pamene mwati pabowoka kale. Mukamanga chingwe ku bampa n'kukoka ndi thirakitala, mudzatsala ndi bampa m'manja, kapena galimoto idzapindika pakati zitseko n'kusiya kutsekeka. Mukumbe mozungulira tayala lililonse, muyale matabwa, jeke muiike pansi pa ekiselo ya kumbuyo ndi pa chitsulo chopingasa cha pansi pa injini, osati m'mbali. Marimu ake ndi a mainchesi 13, choncho matayala akale a saizi imeneyo okhala ndi machubu akwanira kuti igubuduzike, bola madiramu a mabuleki amasulidwe kaye. Ulendo wa ku Blantyre ukhale wa pa lole, itamangidwa ndi matcheni m'ngodya zonse zinayi, chifukwa chikweza cha Thabwa ndi makhotakhota ake sichikhululukira katundu womangidwa mwaulesi.

Mphunzitsi wopuma wa pa Chikwawa Boma wayankha:

Achemwali, zimene anena bambo a pa Nchalo ndi zoona zokhazokha, ndipo ine sindingawonjezerepo kanthu pa za injini. Ndikufuna ndiyankhe funso lanu lachiwiri, limene ndikuona kuti ndilo lalikulu, ngakhale mwalifunsa komalizira ngati lopanda ntchito.

Ayi, galimoto yopita ku myuziyamu siyenera kuoneka ngati yatsopano. Ndinaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale kwa zaka zambiri, ndipo pamene ndimawerenga kalata yanu, mtima wanga unaima pa mizere iwiri ya matope ija. Ku England, kumene Zodiac inapangidwa pa fakitale ya Ford ya ku Dagenham pakati pa 1956 ndi 1962, kuli anthu ambiri amene ali ndi magalimoto a mtundu umenewu onyezimira kuposa tsiku limene anatuluka m'fakitale. Ngati mupenta yanuyo, n'kusoka mipando yatsopano, n'kusintha chilichonse chokalamba, mudzakhala ndi Zodiac ina pakati pa zinzake zambiri, ndipo mwina yosafika pa zinzakezo chifukwa ndalama zathu n'zochepa. Koma Zodiac imene ili ndi msinkhu wa madzi a 2015 ndi wa madzi a Freddy pa chitseko chimodzi ilipo imodzi yokha pa dziko lonse. Kuno ku chigwa madzi atilanda zithunzi, makalata, mabuku a tchalitchi ndi masatifiketi, moti mwana wa lero akafunsa kuti madzi anafika pati, timangoloza pa mtengo kapena pa khoma limene linagwa kale. Inu muli ndi mboni imene inaima pamalo amodzi nthawi zonse ziwiri.

Maganizo amenewa si anga ndekha. Bungwe la dziko lonse loona za magalimoto akale, la FIVA, lili ndi chikalata chotchedwa Charter of Turin chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2013, ndipo mfundo yake ndi yakuti zizindikiro za moyo umene galimoto yakhala nazonso ndi mbiri, kuti zida zake zoyambirira zisungidwe pamene zingasungike, kuti chilichonse chatsopano chimene chaikidwa chizizindikirika, ndiponso kuti ntchito yonse ilembedwe. Akatswiri a m'mamyuziyamu amasiyanitsa kuteteza chinthu kuti chisapitirire kuwonongeka ndi kuchibwezeretsa mmene chinalili chili chatsopano, ndipo nthawi zambiri amasankha choyambacho, popeza chimene wachipala ndi sandipepala sungachibwezenso.

Ndiye musanakhudze ngakhale kangaude mmodzi, jambulani zithunzi. Jambulani shedi, matayala mmene amirira, tinyumba ta mavu, mizere ya matope mutaika tepi yoyezera pambali pake kuyambira pansi, ndi kachitsulo ka pansi pa boneti kamene pali manambala a galimotoyo. Muyenera kupezapo 206E, imene inali nambala ya mtundu wa Zephyr ndi Zodiac za nthawi imeneyo, ndipo muonetsetse kuti manambala ena akufanana ndi a mu bulu buku. Mugule kope la chikuto cholimba lolembamo tsiku, chimene chachotsedwa, amene wachichotsa ndi kumene chaikidwa. Bawuti iliyonse ilowe m'kathumba kake kolembedwa. Chida chimene chatha musataye, chifukwa ku myuziyamu adzachifuna.

Kenako mulembe kalata ku Dipatimenti ya Museums and Monuments ntchito isanayambe, osati itatha. Myuziyamu siilandira chinthu chifukwa chakuti chabwera pa lole, imayang'ana nkhani imene chinthucho chikunena, umwini wake, ndiponso ngati ili ndi malo ochisungira. Nyumba ya ku Chichiri inatsegulidwa mu 1966, chaka chomwe agogo anu anagula galimotoyo, ndipo amene munapitako mukudziwa kuti zinthu zikuluzikulu monga injini ya sitima ya nthunzi zili pabwalo. Chitsulo chochindikala cha sitima chimapirira dzuwa ndi mvula, koma bodi yopyapyala ya Zodiac ndi mipando yake ya chikopa sizingapirire, choncho funso loyamba m'kalata yanu likhale lakuti adzaiimika pati. Mufunsenso a Society of Malawi, amene amasunga zinthu zokhudza mbiri ya kayendedwe ku Limbe. Ndipo m'banja mugwirizane ngati mukuipereka kotheratu kapena mukuibwereketsa kwa zaka zowerengeka, chifukwa zimenezi ndi mapangano awiri osiyana.

Chinanso, ndipo ichi n'chachangu kuposa dzimbiri: akwati amene anakwera Mkwatibwi mu 1968 kapena 1975 tsopano ndi nkhalamba. Apiteni ndi foni, muwajambule mawu akufotokoza okha m'Chisena kapena m'Chimang'anja, ndipo amene chithunzi chawo cha ukwati chinapulumuka muchijambulenso.

Wowongola magalimoto wa ku Ngabu wayankha:

Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, pa nkhani ya matope ndikutsutsani pang'ono. Inu mukuona mboni, ine ndikuona chimene chikudya galimoto ya mayiwa usiku ndi usana. Matope amene akuoneka pa chikopa ndi ochepa, ambiri ali m'kati mwa zitseko, m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko ndi kuseri kwa madigadi, ndipo atseka timabowo timene a fakitale anasiya kuti madzi azitulukira. Dothi limasunga chinyezi, ndipo dothi la kuno m'malo ambiri lili ndi mchere, umene umakoka chinyezi cha mu mpweya ngakhale mvula isanagwe. Ndatsegulapo zitseko za magalimoto amene anamira mu Januwale 2022 nthawi ya namondwe wa Ana, kunja zikuoneka zabwinobwino, koma m'munsi mwake chala chikulowa ngati m'papaya lakupsa. Mukati tisakhudze kanthu, pakatha zaka khumi mudzakhala ndi mizere iwiri ya matope yopanda chitseko.

Njira ilipo yoti tonse tikhutire. Chikopa cha m'kati mwa chitseko chimamatidwa pa kabodi kamene kamachoka, kogwidwa ndi timapini ndi zomangira za zogwirira. Kabodi ka chitseko chimodzi, chimene mizere ikuoneka bwino, kachotsedwe mosamala, kaumitsidwe pa mthunzi ndi kusungidwa chogona pakati pa mapepala oyera, osatsukidwa. Chitseko chenichenicho chitsukidwe m'kati mpaka dothi lonse lituluke, chiume, chipakidwe mankhwala osandutsa dzimbiri kukhala lakuda ndi lolimba, kenako phula loteteza chitsulo, ndipo kabodi kaja kadzabwezeretsedwe ntchito yonse ikatha. Potsuka musagwiritse ntchito madzi a pa mjigo ngati ali a mchere monga a midzi yambiri ya kuno, chifukwa mudzakhala mukuthira matenda omwe mukuchiza. Madzi a mvula otungidwa pa denga ndiwo abwino.

Pansi pamene pabowoka palibe kuchitira mwina, payenera kudulidwa mpaka pofika chitsulo chamoyo n'kuwotchererapo chitsulo chatsopano cha kuchindikala kofanana. Wina akakuuzani kuti amata ndi faiba kapena fila, mumuthokoze n'kumutsanzika. Poti aphunzitsi akufuna chatsopano chizidziwika, ine ndikhoza kudinda chaka pa chigamba chilichonse kunsi kwake, kumene mlendo saona koma katswiri angapeze. Bodi isapoperedwe mchenga ndi makina, chifukwa denga ndi boneti zimapindika n'kukhala mafundemafunde, ndipo penti yoyambirira imapita yonse.

Pa pentiyo ndikugwirizana nanu. Galimoto imene yakhala m'shedi yosaona dzuwa la mu Okutobala nthawi zambiri penti yake imakhala yangofa pamwamba. Muyese pa kamalo kobisika, m'kati mwa buti kapena pa mphuthu ya chitseko: sopo wofewa, madzi, nsalu ya thonje, kenako polishi pang'ono ndi dzanja, osati ndi makina. Mudzadabwa kuona kubiriwira kwa agogo kukubwerera. Mabampa mupukute ndi pepala lonyezimira la aluminiyamu loviika m'madzi, timadontho ta dzimbiri timachoka popanda kukala.

Tizitsulo ting'onoting'ono monga mabawuti, mabulaketi ndi mahinji tili ndi mankhwala ake pafupi pomwepa. Molasesi wa nzimbe, gawo limodzi pa magawo asanu ndi anayi a madzi, amasungunula dzimbiri ngati muviika chitsulo kwa milungu iwiri kapena itatu, mutachotsa kaye girisi. Fungo lake ndi loipa, mgolo ukhale kutali ndi nyumba, ndipo chitsulo chikatuluka chitsukidwe, chiumitsidwe ndi kupakidwa tsiku lomwelo chifukwa chimayambanso dzimbiri msanga. Koma muviike chitsulo chenicheni chokha, chimene maginito amagwira. Zilembo za dzina, zogwirira za zitseko ndi kabureta ndi za chitsulo china chosakaniza ndi zinki, ndipo zimadyeka. Ndikunena zimene zinandichitikira: ndinaviikapo chizindikiro cha pa boneti ya Peugeot 404 ya kasitomala wanga, ndipo nditachivuula mkango unali utatha nkhope.

Mphunzitsi wopuma wa pa Chikwawa Boma wayankhanso:

Bambo a ku Ngabu, mwandigonjetsa, ndipo ndavomera mosanyinyirika. Ndingopempha kuti dothi lotuluka m'zitsekomo musalitaye lonse, mudzaze kabotolo kamodzi n'kulembapo kumene lachokera. Ndiwonjezerenso kuti ikadzafika poimikidwa, ikhale pa zochirikiza zachitsulo kuti matayala asasenze kulemera kwake, batire ichotsedwe, thanki ikhale youma, ndipo mazenera asiyidwe otseguka pang'ono kuti chikopa chisachite nkhungu.

Gogo wa ku Bangula wayankha:

Mwanawe, onsewa akuuza za zitsulo, koma palibe amene wafunsa kuti galimotoyo ndi ya yani. Bulu buku lili m'dzina la malemu, ndipo iwe ndiwe mdzukulu. Kwathu kuno ukudziwa wekha kuti ana aamuna a malemu ndiwo amayamba kulankhula pa katundu wa bambo awo, ndipo lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaika patsogolo mkazi wa malemu ndi ana ake onse, aamuna ndi aakazi. Ngakhale maganizo ako ali abwino, ukaitulutsa m'shedi popanda chilolezo chawo udzatchedwa wakuba, ndipo a myuziyamu sangalandire katundu wa mkangano.

Abambo ako aang'onowo usawatenge ngati mdani. Munthu amene madzi amulanda mbewu kawiri akaona chitsulo chogona kuseri kwa nyumba, amaona feteleza ndi fizi ya ana. Funsa mtengo umene ogula zitsulowo anatchula, ndipo inu adzukulu amene muli pa ntchito musonkhe ndalama imeneyo muwapatse ana a malemu, kuti pasakhale wonena kuti anamanidwa gawo lake. Mukatero mulembe pangano, onse asayine pamaso pa a mfumu, ndipo mupite nalo ku ofesi ya DC ku Nsanje akakuuzeni zoyenera kuchita kuti umwini usinthidwe ku Road Traffic. Pakadali pano gula loko waukulu. Anyamata a sikelo akabwera kawiri masana, kachitatu sabwera masana, ndipo amayamba ndi ladiyeta chifukwa ndi ya kopa.

Mdzukulu wa kwa Tengani wayankha:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka agogo a ku Bangula, chifukwa munandikumbutsa chimene ndinayenera kuyamba nacho. Loko ndinagula Lachinayi, ndipo makiyi ake ndinawapereka kwa abambo aang'ono, osati kusunga ndekha. Ndikuganiza kuti zimenezi zinawafewetsa mtima kuposa mawu onse amene ndinawalankhula pa chiliza paja. Avomera kudikira mpaka tidzakumane tonse pa Khirisimasi, ndipo adzukulu asanu tagwirizana kale zosonkha.

Msuweni wanga anabweradi Loweruka, koma batire anaisiya. Ndinamuwerengera zimene analemba bambo a pa Nchalo, ndipo poyamba anatsutsa zoti pali galimoto imene waya wa pozitivu umapita ku bodi, mpaka anatsegula boneti n'kudzionera yekha chizindikiro pa chomangira chakale cha waya. Atatero anagona pansi n'kumasula bawuti ya sampu. Munatuluka madzi ofiirira okwana mabotolo anayi a Fanta, kenako phala lotuwa, oyilo wakuda n'kubwera pambuyo. Mapulagi asanu anamasuka, lachisanu ndi chimodzi lakana ndipo sitinalikakamize, tangolithira dizilo m'mbali. Pa kachitsulo ka manambala paonekadi 206E, ndipo nambala inayo ikufanana ndi ya mu bulu buku. Tajambula zithunzi 140, ndipo mzere wa 2015 uli pa masentimita 83 kuchokera pansi pa shedi, wa Freddy pa 71.

Kalata ya ku dipatimenti ndalemba ndipo ndikaipereka ndekha ndikapita ku Blantyre sabata ya mawa. Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi mvula, popeza tili kale mu Novembala ndipo galimoto sitingaisunthe banja lisanasayine. Bambo a pa Nchalo, ngati tingaikweze pomwe ilipo, pa milu ya njerwa ndi matabwa, kodi tingaikweze kufika pati popanda kuipinda, ndipo tichirikize malo angati? Bambo a ku Ngabu, kabodi ka chitseko kali ndi mizere kaja ndikufuna kachoke mvula isanayambe, koma ndikuopa kukathyola. Ngati mungapeze tsiku lotsika kuno, thiransipoti ndilipira ine, ndipo pa Tengani mukafunsa kunyumba kumene kunali chigayo chakale aliyense akulozerani.

Dzulo ndinapita ndi foni kwa mayi ena a m'mudzi woyandikana nawo amene anakwatiwa mu 1972. Chithunzi chawo chinapita ndi madzi, koma akukumbukira kuti tsiku la ukwati kunagwa mvula, ndipo pokwera kamtunda ka pafupi ndi tchalitchi mawaipa anaima, agogo n'kutulutsa mkono pa zenera kumapukuta galasi ndi nsalu yawo ija uku akuyendetsa. Msuweni wanga akuti nkhaniyi ndi yokokomeza. Bambo a pa Nchalo, mawaipa a Zodiac ankaimadi pa chikweza?

Makaniko wa pa Nchalo wayankhanso:

Mayi, mayiwo sananame. Mawaipa a Zodiac imeneyo sayendera magetsi, amayendera mpweya umene injini imakoka, ndipo dalaivala akaponda kwambiri pa chikweza kukokako kumachepa, mawaipa n'kufooka kapena kuimiratu, makamaka kapampu kothandizira kakatopa. Pa zokweza, chirikizani malo anayi, awiri pansi pa ekiselo ya kumbuyo pafupi ndi masipuling'i, awiri pansi pa chitsulo chopingasa cha kutsogolo, ndipo muzikweza masentimita khumi okha mbali imodzi musanapite mbali inayo, zitseko zili zotseka. Njerwa zikhale zowotcha, zoyalidwa mopingasana ndi thabwa lochindikala pamwamba, osati mabuloko a simenti amene amasweka mosachenjeza, ndipo munthu asalowe pansi pake. Kuti ipitirire masentimita 83 pafunika milu yotakata ngati nsanja ya nkhokwe, choncho muyambe mwayeza kutalika kwa denga la shediyo. Lamlungu ndilibe ntchito, ndibwera ndi majeke awiri.